Wotchi ya ku Joni

Nyumba ya Che Ajibu ku Namiasi ili ndi maso atatu.
Lina lili pageti, limawerenga magalimoto,
lina pakhonde, pansi pa chisa cha namzeze,
lachitatu layang'ana thanki ya madzi
chibedwereni pampu chaka chatha.
Eni ake ali ku Joni koma tulo alibe.
Ndikachedwa pang'ono, foni yalira kale:
"Saujiya, geti ija sunakhome bwino.
Saujiya, wachipewa uja ndani?"

Ine ndimasesa, ndimachapa, ndimayala mabedi.
Mlendo akafika ndimamuonetsa pepala lomata pachitseko,
zilembo zakuda bii:
makamera ali panja pokha, m'katimu ndi mwanu.
Ndimawerenga mokweza, chala chili pamzere,
ngati ndinalemba ndine.

Kenaka kunagona anyamata asanu amowa,
anachoka ndi wailesi yakanema atayifunditsa bulangete.
Patatha masabata atatu
dalaivala wa basi ananditula phukusi pa Boma,
m'kati muli wotchi yapakhoma, yoyera mbee.
"Ukaipachike kuchipinda chachikulu, iyang'ane bedi,
ndipo usaiwale chingwe chake."
Wotchi yanji yosakhutira ndi batire?
Poipukuta ndinaona pakati pa teni ndi leveni
kabowo ngati diso la usipa wouma,
kakundiyang'ana osaphethira.

Ndisaname, ndinaipachika.
Ndili ndi ana atatu ndi ngongole ya ku banki m'khonde.

Lachisanu kunafika mayi wa ku Balaka, yekhayekha,
namwino, kachikwama kamodzi, mapazi otupa.
Sanafunse za boti, sanafunse za chambo.
Anati, "Achemwali, ndagwira usiku miyezi inayi,
amuna anga ndinaika m'manda mwezi wa Marichi,
kunyumba ana amandiyang'ana pakamwa.
Ndikufuna chitseko chotseka basi."
Ndinamuwerengera pepala lija.
Pa mawu oti ndi mwanu lilime linandilemera
ngati ndatafuna nthochi yosapsa.

Anavula nsapato ndili pomwepo,
anavula wigi nayiika pampando ngati mphaka wogona,
imvi zili mbuu, zosapesa,
dzanja likupita kale kuzipi ya kumsana.
Ndinati, "Dikirani mayi, wotchiyi imasokosera usiku."
Ndinakwera pampando wina, ndinazula chingwe,
ndinatuluka nayo nditaikumbatira chafufumimba
ngati mwana wa eni amene wachita manyazi pagulu.

Kusitolo ndinailumikizanso, poti katundu si wanga.

Foni sinachedwe.
"Saujiya, ndikuona chidebe ndi mopu."
"Eya bwana, ndipo mopuyo lero sanabe kanthu."
"Ukuseka? Nyumbayo ndinamanga ndi thukuta la m'mafiriji a eni,
zaka khumi ndi ziwiri ndikugona pansi!"
Ndikudziwa, ndinatero, njerwa zake ndinasenza nawo.
Geti ndi lanu, khonde ndi lanu, thanki ndi yanu,
koma munthu akalipira n'kukhoma chitseko
msana wake sukhala pa lendi.
Ngati mukufuna, ndimatule pepala lija tilembe lina:
mukavula muno, ku Joni akuona.
Tione amene adzabwere.

Kunali zii,
ndimangomva ma taxi akulira kutali, m'dziko la eni.
Kenaka mayunitsi anatha, kaya anadula okha.

Mayi uja anagona mpaka Loweruka masana.
Analira kapena sanalire, ine sindikudziwa,
ndipo palibe akudziwa.
Pochoka anandisiyira theka la shuga ndi sopo wonunkhira,
nati pano mpabata.

Malipiro a mwezi umenewo anachedwa masiku naini.
Za wotchi sitinakambenso.
Ikadali kusitolo, pamwamba pa zitini za penti,
ikuuza mopu nthawi.
Pakhoma la kuchipinda patsala msomali,
alendo amakolekapo zipewa.